Theka la Mbiri ya Mvera Lili m'Mabokosi Kunja

A Gogo Chalo ndi mafumu onse a dera lino la Chiwere, abusa ndi akulu a mpingo, a mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi aphunzitsi anzanu, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo, ndi inu ana athu amene mukutsanzika sukulu lero, landirani moni nonse.  Mwapempha kuti mumve za anthu amene amapita kumayunivesite a kunja kukachita kafukufuku wa digiri ya udokotala, ija timangoti PhD. Nkhaniyi iyambire pano pomwe takhala.

Pa 28 November 1889 azungu awiri ochokera ku South Africa, Mbusa Andrew Charles Murray ndi Mbusa T.C.B. Vlok, adakhoma chihema chawo pa Mvera, m'dziko la mfumu ya Angoni, Chiwere. Adatumidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape. Mu 1894 kudabwera mbale wake wa Murray, William Hoppe Murray, amene adadzatsogolera ntchito yomasulira Baibulo, ndipo gawo lina la ntchitoyo adaligwirira paphiri la Kaso pafupi pompano. Buku Lopatulika limene ambiri muli nalo kunyumba lidatuluka mu 1922. Likulu la mishoni lidasamukira ku Nkhoma mu 1913, koma tsinde lake ndi pano.

Azungu amenewa anali anthu olembalemba. Ankalemba makalata kwa akuluakulu awo ku Cape, malipoti a pachaka, ndalama zolowa ndi zotuluka, za odwala malungo, za mikangano yawo ndi mafumu. Mapepala ambiri otere sali kuno. Ali ku Stellenbosch, pafupi ndi Cape Town, m'nyumba yosungiramo zolemba zakale za mpingowo. Za boma la atsamunda n'chimodzimodzi: mu 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, mapepala ambiri a zaka zoyambirira n'kupsa, mwakuti wofuna kudziwa zimene bwanamkubwa ankalemba za dziko lino chisanafike chakacho amakazipeza ku Kew, ku London, kumene kudasungidwa makalata amene ankatumizidwa ku Britain. Zambiri za mishoni ya Livingstonia, imene idalandira Murray atangofika m'dziko muno, zili ku Edinburgh. Choncho mwana wobadwira pa Mvera, akafuna kudziwa mozama za Mvera, pamafunika pasipoti.

Maulendo amenewa ali pawiri. Ena amapita kukakhaliratu zaka zitatu kapena zinayi mpaka digiri itatuluka. Ena amalembetsa PhD yawo konkuno, ku Zomba, ku Bunda, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, n'kungopita kunja miyezi ingapo kukagwiritsa ntchito zimene kuno kulibe: laibulale yaikulu, makina a mu labotale, mapepala akale, kapena pulofesa amene adazama pa nkhani yomwe iwo akufufuza. Thumba la maphunziro la Commonwealth lili ndi thandizo la mtundu umenewu, lolipirira munthu mpaka miyezi 12 ku Britain pamene PhD yake ili kwawo. A DAAD a ku Germany ndi a Fulbright a ku America nawonso amathandiza ofufuza a mu Africa. Opempha amachuluka, ndipo amene amapata ndi amene walemba momveka funso limene akufuna kuyankha, ndi chifukwa chake yankholo silingapezeke kwawo kokha.

Tiyerekeze kuti mmodzi mwa atsikana akhala kutsogoloku wafika pamenepo, ndipo akufufuza mbiri ya Mvera. Asananyamuke, miyezi itha akuthamangira mapepala: kalata yomuitana yochokera ku yunivesiteyo, chilolezo chokhalira m'dzikomo, kalata ya apolisi yoti alibe mlandu, umboni woti akadwala alipo womulipirira. Ndalama ya ndege ikapanda kukwana, ndi pabasi: kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenako mzere wa pa Beitbridge umene abale athu opita ku Joni amaudziwa bwino. Akatsika ku Johannesburg ulendo ukadalipo, makilomita pafupifupi 1,400 kuti afike ku Cape Town.

Stellenbosch ndi tauni yakale, ya mu 1679, yozunguliridwa ndi mapiri ndi minda ya mphesa. Nyengo yake ndi yotembenuka: mvula imagwa mu June ndi July, pamene kuno tikuwothera dzuwa titakolola, ndipo imabwera ndi chisanu cholowa m'mafupa. Ufa umapezeka m'sitolo, koma usipa ndi chisoso ayi. Sukulu ya ubusa imene Murray adaphunzirako, yotsegulidwa mu 1859, ikadalipo mumsewu wa Dorp.

Malamulo a m'zipinda zowerengera zakale amafanana pafupifupi kulikonse. Chikwama chimatsala pakhomo. Cholembera cha inki saloleza, koma pensulo basi. Wofufuza amalemba nambala ya bokosi pakapepala n'kudikira. Bokosi likafika, mkati muli makalata opyapyala, ofiirira ndi ukalamba, ena inki idalowerera mpaka kuseri kotero kuti mizere ya mbali ziwiri idasakanikirana. Ndipo vuto lenileni limayambira apa. Makalata ambiri a zaka zoyambirira ali m'Chidatchi, a pambuyo pake m'Chiafrikaans. Chingerezi chimene mwana wathu adakhoza nacho MSCE sichimufikitsa patali. Ngakhale buku la A.C. Murray lofotokoza ntchito ya kuno, Ons Nyasa-akker, la mu 1931, lili m'Chiafrikaans. Ndiye masana amawerenga ndi dikishonale pambali, madzulo amaloweza galamala, sabata n'kutha atamasulira masamba owerengeka chabe. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinanso, chowawa. Mpingo umene udatumiza Murray ndi womwewo umene pambuyo pake udaikira kumbuyo tsankho la apartheid, ndipo yunivesite ya Stellenbosch kwa zaka zambiri inali ya azungu okhaokha. M'zolemba za amishoni muli kudzipereka kwenikweni, kwa anthu amene adaika akazi ndi ana awo m'manda a dziko lino chifukwa cha malungo. Mulinso mawu onyoza agogo athu, miyambo yawo ndi gule wawo. Wofufuza woona mtima sabisa mbali iliyonse mwa ziwirizi pofuna kusangalatsa mpingo wake kapena kusangalatsa mkwiyo wake.

Koma chimene chimamukhudza kwambiri ndi chimene m'mabokosimo mulibe. Kalata imanena kuti sukulu yatsegulidwa m'mudzi wakutiwakuti ndipo ana mwakuti alembetsa. Sinena zimene nyakwawa idakambirana ndi eni mbumba usiku isanavomere. Imatchula mzungu amene adamasulira vesi. Si kawirikawiri kutchula mphunzitsi wakuda amene adamuuza kuti Mchewa sanena choncho. Amtengatenga amene ankasenza katundu ndi machila kuchokera ku Domira Bay kukwera mapiri ano amaonekera ngati chiwerengero basi. Mbali imeneyo ya mbiri idatsala kuno, m'mitu mwa agogo.

Mmodzi mwa amene adaonetsa Amalawi kuti zokamba agogo ndi maphunziro enieni ndi Pulofesa Kings Phiri. Iwowa adakachita PhD ku yunivesite ya Wisconsin, mumzinda wa Madison ku America, kumene nyanja ya Mendota, imene ili m'mphepete mwa sukuluyo, imaundana nthawi yachisanu mpaka anthu kumayenda pamwamba pake. Kumeneko kunkaphunzitsa Jan Vansina wa ku Belgium, amene adafufuza pakati pa Akuba ku Congo n'kulemba buku loonetsa kayesedwe ka mbiri yapakamwa: kufunsa wokambayo kuti adamva kwa yani, kuona chimene akupindula akaikamba mwanjira imeneyo, kuyerekeza zonena za mudzi uno ndi za mudzi winawo. Nthawi imeneyo padali akatswiri ku Ulaya amene ankanenabe kuti kumene kulibe zolembedwa kulibe mbiri. A Phiri adamaliza mu 1975, ndipo kafukufuku wawo adali wa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati kuyambira 1600 mpaka 1920. Njira yofufuzira adakainola ku Madison, koma nkhani zenizenizo adazitola kwa mafumu ndi nkhalamba za m'midzi ya chigawo chino. Atabwerera adaphunzitsa ku Chancellor College, kumene ophunzira a mbiri ankatumidwa kumidzi kukafunsa akuluakulu n'kudzalemba zimene amva, ndipo pambuyo pake adaphunzitsanso ku Mzuzu.

A Phiri adapeza njira italambulidwa kale. Mphunzitsi wa mishoni yomweyi, a Samuel Josia Nthara, adalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, komanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma lomwe lino la Dowa. A Nthara analibe PhD. Ankalemba m'chilankhulo chathu, kulembera anthu akwawo. Mu 1973 buku lawo la Achewa lidatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden ku Germany, chifukwa akatswiri akunja sakadachitira mwina koma kuliwerenga.

Amayi a Chigwirizano amene mwakhala apo, nkhani yanu nayonso idafika ku yunivesite yakunja. Mayi Isabel Apawo Phiri adakachita PhD ku yunivesite ya Cape Town n'kumaliza mu 1992, patangopita zaka ziwiri Nelson Mandela atatuluka m'ndende, dziko limenelo likadali pakati pa mantha ndi chiyembekezo. Adafufuza moyo wachipembedzo wa amayi achichewa m'chigawo chapakati, kuyambira udindo wa Makewana ku kachisi wa ku Msinja, chinamwali, chilangizo chimene mpingo udaika m'malo mwa chinamwali, mpaka Chigwirizano cha amayi mu Sinodi ya Nkhoma. Funso lawo lidali lolimba: mayi amene m'chipembedzo cha makolo ankatsogolera zopempha mvula, zidatani kuti mumpingo mawu ake achepe pabwalo la akulu? Si onse adakondwa nalo funsolo, ndipo mwina ena pano simugwirizana nawo mpaka lero. Koma buku lawo lidasindikizidwa konkuno mu 1997 m'mndandanda wa mabuku a Kachere a ku Zomba, kotero kuti wofuna kutsutsa atha kulipeza, kuliwerenga, n'kutsutsa zimene waona ndi maso ake. Mayiwa pambuyo pake adakhala mmodzi mwa akuluakulu a bungwe la World Council of Churches ku Geneva.

Nayi ina yoti muiganizire bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ku yunivesite ya Chicago kudali wophunzira wa PhD dzina lake Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku America, amene adaphunzira kwa katswiri wa zilankhulo Edward Sapir. Watkins ankafuna kulongosola malamulo a chilankhulo china cha mu Africa, koma sadabwere kuno kudzafufuza. Pasukulu yomweyo padali wophunzira wochokera ku Kasungu, a Hastings Kamuzu Banda, ndipo ndi iwowa amene ankakhala naye n'kumamutchulira mawu ndi kumupangira ziganizo. Watkins adalandira PhD mu 1933, buku lake la galamala ya Chichewa n'kutuluka mu 1937. Adagwira ntchito yabwino, ndipo sadabise amene adamuthandiza. Komabe chuma cha m'bukumo chidachokera pakamwa pa Mchewa, dzina la pachikuto n'kukhala la wina.

Patapita zaka makumi anayi zinthu zidatembenuka. A Sam Mchombo adalandira PhD ku SOAS ku London mu 1978, a Jack Mapanje ku University College London mu 1983, a Al Mtenje komweko mu 1986, onsewa pa za zilankhulo zathu. Mu 1987 a Mchombo adalemba pamodzi ndi Joan Bresnan wa ku Stanford nkhani yofotokoza momwe mneni wa Chichewa amagwirizanirana ndi dzina, ndipo mpaka lero ophunzira za zilankhulo m'maiko ambiri amaiwerenga. Chichewa chimene ena mwa inu mumachita nacho manyazi mukangofika ku Lilongwe n'chimene chidatsegulira a Mchombo zitseko za ku London ndi ku California.

Kubwerera kumudzi sikudakhale kophweka nthawi zonse. A Mapanje adabwera n'kutsogolera dipatimenti yawo ku Chancellor College, koma mu September 1987 adamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu, mlandu osazengedwa, mpaka May 1991. A Mchombo adakhazikika ku Berkeley. A Mtenje adabwerera n'kugwira ntchito zaka zambiri ku Zomba, kumene likulu lofufuza za zilankhulo lidatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha. Masiku ano zobweza munthu m'mbuyo ndi zina. Amabwera ndi luso la makina amene kuno kulibe, n'kupeza kalasi ya ophunzira mazanamazana, magetsi akuzimazima, ndipo zolemba za akatswiri zimene ankawerenga mosavuta pa intaneti ya yunivesite ija kuno zikufuna madola. Amene amatsalira kunja tisafulumire kuwaweruza. Ambiri ndi amene akulipirira ana a abale awo sukulu ngati ino.

Dandaulo lenileni lili pena. Mu 1980 Martin Pauw adamaliza ku Stellenbosch kafukufuku wa mbiri ya Sinodi ya Nkhoma kuyambira 1889 mpaka 1962, ndipo nkhani ya Mvera ili m'menemo. Pambuyo pake abusa angapo a Sinodi yomweyi apita ku Stellenbosch n'kubwera ndi udokotala, atafufuza za mipingo yathu yomweyi. Ndi angati pano amene adagwirapo limodzi la mabuku amenewa? Ndipo si za mpingo zokha. Pa njala ya 2006 mpaka 2007 bungwe la Concern Worldwide lidayesa m'boma lino la Dowa kupereka ndalama m'malo mwa chimanga kwa mabanja osowa chakudya, ndipo akatswiri a ku Institute of Development Studies ku Sussex, ku Britain, adaunika ntchitoyo n'kulemba lipoti limene lidawerengedwa m'maiko ambiri. Zimene adapeza zidachokera kwa amayi a ku Dowa. Kawirikawiri gogo amene adasiya khasu tsiku lathunthu kuti ayankhe mafunso a wofufuza amatsikira kuli chete osamva kuti mawu ake adathera kuti. Zimenezi si zabwino, ndipo n'zotheka kuzikonza popanda kudikira boma.

Mafumu, mphamvu ili m'manja mwanu. Wofufuza aliyense, wakuda kaya mzungu, amayamba wagwada kwa inu asanalowe m'mudzi ndi kope lake. Mufunseni pomwepo kuti adzabwera liti kudzanena zimene wapeza. Akamaliza, abwere pabwalo, afotokoze m'Chichewa, anthu amufunse, ndipo pamene walakwitsa amukonze. Buku la PhD limakhala la masamba mazana angapo, m'Chingerezi chovuta ngakhale kwa aphunzitsi. Kuchotsamo masamba makumi awiri a Chichewa chomveka si ntchito yolemetsa kwa munthu amene adapirira zaka zinayi. Ndipo amene adzapite ku Stellenbosch, ngati eni nyumba yosungira zakaleyo alola kujambula, abwere ndi zithunzi za makalata onena za Mvera, azisiye kumpingo ndi pasukulu pano pamodzi ndi kumasulira kwake, kuti wobwera pambuyo pake asadzayambirenso pa Beitbridge.

Inu ana athu, PhD ikuoneka kutali, ndipo ilidi kutali: pakati pali zotsatira za mayeso, digiri yoyamba, yachiwiri, ndi fizi imene makolo anu sadziwa kuti ichokera kuti. Si nonse mudzafikeko, ndipo dziko likufunanso alimi, anamwino ndi amisiri. Koma pali ntchito ya kafukufuku imene pulofesa wa ku London sangaigwire, pamene inu mutha kuiyamba sabata yamawa. Miyezi imene mudikire zotsatirayi, bwerekani foni, khalani pansi ndi agogo amene akadali ndi mphamvu zokamba, muwajambule mawu atakulolani. Afunseni kumene mbumba yawo idachokera, za njala ya 1949, za thangata, za amene adapita ku Wenela ndi ku Halale osabwerako, za sukulu yoyamba m'mudzi mwanu ndi amene ankaphunzitsa. Musamangomvera ayi. Funsani kuti iwo adamva kwa yani, ndipo mukafunsenso gogo wina wa tsidya linalo, pakuti nkhani ya malire a munda kapena ya ufumu imasintha malinga ndi woikamba. Lembani dzina la wokamba, mudzi, ndi tsiku. Popanda zitatuzi, zimene mwajambulazo wofufuza wamtsogolo sangazigwiritse ntchito. Amene muli ku mbali ya sayansi chitaninso chimodzimodzi ndi mayina a mitengo ya m'nkhalango ya Ntchisi, mbewu zamakolo zimene zikusowa, akasupe amene adaphwa ndi chaka chimene adaphwera.

Ndipo musanyoze chilankhulo chilichonse chimene chakupezani. Chingerezi chigwireni zolimba, pakuti kalata yopempha thandizo mudzailemba m'menemo. Koma wodziwa Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chiswahili ali ndi makiyi ena; zolemba za Apwitikizi zonena za ufumu wa Maravi, za Kalonga ndi Undi, zili ku Lisbon ndi ku Maputo, ndipo Amalawi otha kuziwerenga okha ndi ochepa. Kufupi konkuno ku Dzaleka kuli anthu olankhula Chifalansa ndi Chiswahili tsiku ndi tsiku.

Makolo, atsikana amene akhoza bwino musawathamangitsire kubanja. Mayi Phiri aja adali mtsikana wa pasukulu ngati awa.

A mphunzitsi wamkulu, pempho lomaliza lipite kwa inu ndi a komiti. Patulani shelefu imodzi mu laibulale ya sukulu ino, ikhale ya Mvera ndi Dowa yokha. Muyambe ndi mabuku a a Nthara ndi la Mayi Phiri, kenako zimene ana awa adzabweretse kuchokera kwa agogo awo, zolembedwa bwino m'makope, ndipo mphunzitsi wa mbiri akhale woyang'anira. Abusa athandize kulembera ku Nkhoma kupempha mabuku a anzawo amene adakaphunzira ku Stellenbosch.

 Ana inu, Mulungu akutsogolereni pa mayeso anu.